Lipenga la ku Zvimba: August Musarurwa ndi Nyimbo ya Skokiaan

  Lero ndifuna kuti ticeze za munthu wina woimba lipenga, za gulu lace, ndi za nyimbo yace imodzi imene inaoloka nyanja zazikulu nikamveka m'maiko akutali, mwini wace atatsala konkuno. Munthuyo ndi August Musarurwa, ndipo nyimboyo dzina lace ndi Skokiaan.

Ine ndinaimva nyimboyi koyamba ndiri mwana, pa pulazi lina la fodya kufupi ndi Banket, kumene atate anga, munthu wa ku Dedza, anali kusonkheza moto pa balani. M'komboni monse galamafoni inali imodzi yokha, ya kapitao. Loweruka madzulo, anthu atalandira phoso, iye anali kuiturutsa panja, naiika pa mpando, naipukusa, ndipo ife ana tinali kulimbirana masingano akutha amene iye anali kutaya. Mbale zace zinali zowerengeka, koma panali imodzi imene inafika poyerera cifukwa ca kuimbidwa kawirikawiri. Imeneyo ikangoyamba kulira, amai anali kusiya mitondo, abambo kusiya bawo, ndipo pfumbi linali koboo pabwalo ponse. Panalibe ndi mmodzi yemwe wa ife wodziwa dzina la woimbayo. Tinali kungoti, "A Kapitao, tiikireni ija ya lipenga." Ndinakula, ndinapeza banja, ndisanadziwe kuti mwini nyimboyo anabadwira m'dera lomwelo limene ife tinali kubviniramo.

August Musarurwa anabadwira ndi kukulira ku Zvimba, kumadzulo kwa mzinda wa Harare, umene masiku amenewo unali kuchedwa Salisbury, koma anthu a kwathu anali kungoti ku Halale. Zvimba anali amodzi mwa malo amene boma la atsamunda linasiyira anthu akuda. Lamulo logawa dziko la caka ca 1930 linalimbitsa malire amenewo, kotero kuti nthaka yabwino ya ku Darwendale, ku Trelawney ndi ku Banket inakhala m'manja mwa Azungu olima fodya ndi cimanga. Mnyamata wa kumeneko anali ndi njira ziwiri: kukalowa nchito pa pulazi, kapena kulimbika sukulu ndi kukafuna mwai m'tauni. August anaphunzira pa sukulu ya Marshall Hartley, napita ku Salisbury, nalembedwa ukalaliki pa kampani ina ya fodya. Motero nayenso anayamba moyo wace pa fodya monga makolo athu, kungoti iye anagwira colembera pamene iwo anagwira khasu.

Ali ndi zaka 22 analowa upolisi m'gulu la British South Africa Police. Poyamba nchito yace inali yomasulira mau pakati pa Azungu ndi anthu akuda, koma pambuyo pace analowa m'bandi ya apolisi. Apa tiime pang'ono, pakuti mpamene pagona ciyambi ca nkhani yathu. Masiku amenewo malipenga a Cizungu anali a mtengo wapatali, osati oti munthu wa thikiti angagule. Wofuna kuwaphunzira anali kuwapeza ku misoni, ku usilikali, kapena ku polisi. Kumeneko munthu anali kuphunzira kusamala cida cace, kuuzira mpweya molingana, kusunga nthawi, ndi kumvera anzace kuti onse ayambe pamodzi ndi kuleka pamodzi. Nyimbo zace zinali za perete, zoyendetsa mapazi a asilikali. Musarurwa anatenga luso limenelo, koma anakaligwiritsa nchito ina imene akulu a polisi sanaiganizire.

Cida cimene iye anachuka naco ndi saksofoni. Anacipanga ndi munthu wa ku Belgium, dzina lace Adolphe Sax, amene anacilembetsa ku Paris m'caka ca 1846. Thupi lace ndi la mkuwa, lopindika kunsi ngati kaliwo wa agogo, koma mau ace sacokera pa milomo ya woimba monga acitira malipenga a asilikali. Amacokera pa kabango kopyapyala komangidwa kukamwa kwace. Woimba akauzira mpweya kabangoko kamanjenjemera, ndipo zala zace zimatseka ndi kutsegula mabowo a m'mbali kuti mau akwere kapena atsike. Cifukwa ca kabango kameneka saksofoni imalira mofanana ndi khosi la munthu. Itha kuseka, itha kudandaula, itha kunong'ona, ithanso kukuwa ngati mai woitana mwana kudambo. Anthu akuda a ku America anazindikira cimeneci, naisandutsa mfumu ya nyimbo zao za jazi, zimene zinayambira mu mzinda wa New Orleans.

M'caka ca 1947 Musarurwa anasiya upolisi napita ku Bulawayo, kumene analowa nchito ku Cold Storage Commission, bungwe la boma logula ng'ombe, kuzipha, ndi kusunga nyama m'nyumba zozizira. Anakhala m'komboni ya bungwelo pamodzi ndi anchito anzace. Bulawayo wa masiku amenewo anali likulu la njanji ndi mafakitale, ndipo m'makomboni mwace, monga ku Makokoba, munakomana mitundu yonse: Andebele, Ashona, Anyanja, Atonga, Alozi ndi Abemba. Sitima yocokera ku Joni inali kubwera ndi mbale za marabi, nyimbo za m'mashabini a kumeneko, pamodzi ndi mbale za magulu akulu a jazi a ku America. Zonsezi zinali kumveka m'madansi a ku Stanley Hall ndi m'nyumba za anthu. Munthu wa khutu lakuthwa sakanasowa cotola m'mudzi wotere.

Gulu limene iye anatsogolera linali ndi dzina lalitali, African Dance Band of the Cold Storage Commission of Southern Rhodesia, koma anthu anali kungoti Cold Storage Band. Munali masaksofoni awiri, mabanjo awiri, ng'oma za Cizungu, ndi cingwengwe cacikulu ca mau a pansi cimene acicha bezi. Pa mbale zina mumamvekanso lipenga la tarampeti. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo pa gulu limeneli mwambiwu ukwanira bwino. Mabanjo ndiwo anali mizati. Nchito yao inali kukhwacha zingwe mosapuma, mosafulumira ndi mosacedwa, kuti obvina asataye phazi. Bezi ndi ng'oma zinali maziko. Pamwamba pa zonsezi mpamene saksofoni ya mtsogoleri inali kuyenda mwaufulu. Kayimbidwe kotere kanali kuchedwa tsaba-tsaba, dzina la gule amene anabuka m'matauni a kummwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1940.

Tsopano ndikuuzeni m'mene nyimbo ya Skokiaan imayendera, kuti mukadzaimva mudzadziwe comvera. Coyamba, pa mbale ya Musarurwa palibe mau oimba pakamwa. Nkhani yonse ikamba ndi saksofoni. Mutu wa nyimboyo uyamba ndi liu limodzi lalitali, lam'mwamba, lonjenjemera, longa nthungululu ya amai pa ukwati. Liulo likakhala nthawi, nyimbo imatsika pang'onopang'ono mokhotakhota, ngati munthu wotsika phiri ndi katundu pamutu. Pansi pace mabanjo angozungulira pa masitepe anai okha: acoka pakhomo, akwera, abwerera pakhomo, apatuka, nayambanso. Kenaka malipenga ayankhana mwa timau tatifupi tobwerezabwereza, mpaka mutu uja ubweranso. Ca kumapeto tarampeti alankhula pang'ono, koma asanatsirize saksofoni imlanda mau, monga acitira mkulu pa bwalo mnyamata akatalikitsa.

Ena angafunse kuti, "Nanga cacilendo nciani pamenepa?" Mwa kumva kwanga, cacilendo ndi ici. Nyimbo za perete zimayenda ngati ulendo wa pa mseu, zocoka kwina kunka kwina. Nyimbo za makolo athu, kaya za mbira, kaya za pamtondo, kaya za cimtali, zimazungulira, ndipo kukoma kwace kuli m'tinthu tating'ono timene woimba amasintha pa kuzungulira kuli konse. Musarurwa anatenga zida za Azungu, natenga kudumpha kwa jazi ya ku America, naziika zonse m'bwalo lozungulira la kwathu. Saksofoni yace inakhala wotsogolera nyimbo, ndipo anzace anakhala obvomera. Ndico cifukwa cace amai a m'komboni mwathu, amene sanaonepo saksofoni cibadwire, sanafune wowaphunzitsa kabvinidwe kace. Miyendo yao inaizindikira yokha.

Nanga dzina lakuti Skokiaan litanthauzanji? Limeneli ndi dzina la mowa woletsedwa umene Ashona amaucha chikokiyana. Unali mowa wofulumira, wofulidwa ndi shuga, isiti ndi madzi, wakupsa tsiku limodzi, ndipo ofula ena anali kuthiramo zinthu zoopsa kuti ukhale waukali. Unabuka cifukwa ca malamulo. M'matauni a ku Southern Rhodesia mowa wa masese unali kugulitsidwa m'mabiyaholo a kanselo okha, ndipo kufikira caka ca 1957 munthu wakuda sanali kuloledwa kugula mowa wa Cizungu. Masese amafuna masiku angapo kuti apse, ndipo pfungo lace limaitana apolisi. Koma skokiaan anali kufulidwa m'mawa, kumwedwa madzulo, cigubu nkukwiriridwa pansi. M'caka ca 1949 boma linaika lamulo lochedwa Harmful Liquids Act, ndipo dzina la skokiaan linalembedwa pa mndandanda wa zakumwa zoletsedwa, momwe munalowanso kacasu wathu.

Taonani tsono zodabwitsa: munthu amene anabvala yunifomu ya polisi zaka zambiri ndiye anacukitsa dzina la mowa umene apolisi anali kusaka usiku ndi usana. Ife a m'mapulazi mowa umenewu tinaudziwa mbali zace zonse ziwiri. Tinaona amai amasiye amene analipira sukulu ya ana ao ndi ndalama za m'cigubu, pakuti njira yina yopezera ndalama panalibe. Tinaonanso abambo amene anacoka kwao ndi lonjezo lakuti adzabwera ndi ng'ombe, koma malipiro a thikiti lonse anathera pa shabini, nasanduka machona, osalemba ngakhale kalata. Ine ndikamva liu lalitali lija loyamba nyimboyi, nthawi zina ndimamva nthungululu, nthawi zina ndimamva mluzu wa polisi. Cimwemwe ca m'nyimboyi ndi ca anthu otopa, amene apeza usiku umodzi wakuiwala, akudziwa kuti Lolemba belu lidzalira.

Kuti ife lero tithe kumva gulu limeneli, tiyenera kuchula munthu wina, Hugh Tracey. Iyeyu anabadwa ku England m'caka ca 1903, nabwera ku Southern Rhodesia m'caka ca 1921 kudzathandiza mkulu wace pa pulazi la fodya. M'munda mwa fodyamo ndimo anaphunzira cilankhulo ca Akaranga ndi nyimbo zao, nazindikira kuti nyimbozo ndi cuma cimene Azungu anzace anali kucipeputsa. Anathera moyo wace kuyenda ndi makina otengera mau m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo kwathu ku Nyasaland anafikakonso. M'zaka za 1950 kufikira 1952 anatenga mau a magulu a dansi a ku Bulawayo, ndipo pakati pao panali Cold Storage Band. M'caka ca 1954 anakhazikitsa nkhokwe ya nyimbo yochedwa International Library of African Music, imene kuyambira 1978 isungidwa pa Rhodes University ku South Africa.

Anyamata a lero, amene mumanyamula nyimbo zikwi m'thumba, mudziwe kuti masiku amenewo zimbale za nyimbo khumi zinali zisanafale kwathu. Mbale ya galamafoni inali yolemera, yosacedwa kusweka, yozungulira ka 78 pa mphindi imodzi, ndipo mbali imodzi inali kutenga nyimbo ya mphindi zitatu zokha. Gulu lonse linali kuimba pamodzi nthawi imodzi, ndipo wina akaphonya onse anali kuyambanso. Kampani yaikulu yotulutsa mbale za anthu akuda inali ya Gallo, ya ku Johannesburg, imene mbale zace zinali ndi cizindikilo ca Gallotone. M'caka ca 1954 kampaniyi inaturutsa Skokiaan, gululo litasintha dzina kukhala Bulawayo Sweet Rhythms Band. Ku South Africa kokha zinagulidwa mbale 170,000, ciwerengero cacikulu ndithu pa nthawi imene galamafoni imodzi inali kutumikira komboni yathunthu.

M'caka comweco nyimboyi inafika ku America. Muulutsi wina wochuka wa mu mzinda wa Cleveland, dzina lace Bill Randle, anaiimba pa wailesi, ndipo anthu anayamba kuifunsa m'masitolo. Kampani ya London Records inaturutsa mbale ya anyamata a ku Bulawayo, ndipo oimba a kumeneko anathamangira kujambula zao. Pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa koposa wa nyuzi ya Billboard, ya gulu la Ralph Marterie inafika pa nambala 3, ya anyamata anai ochedwa The Four Lads pa nambala 7, ndipo ya Musarurwa mwini wace pa nambala 17. Pérez Prado, mfumu ya gule wa mambo, anaijambulanso. Mu August 1954 Louis Armstrong, katswiri wa tarampeti wa ku New Orleans, anaijambula m'zigawo ziwiri, mbali zonse za mbale imodzi. Tangoganizani: anchito a m'nyumba yophera ng'ombe ku Bulawayo kupikisana ndi magulu akulu a ku New York ndi ku Chicago!

Koma nyimbo ikayenda ulendo wautali imafika itasintha nkhope. Mlembi wina wa ku America, Tom Glazer, anaipekera mau a Cingerezi onena za Africa wa cisangalalo cokhacokha, dziko la kuimba ndi kubvina kopanda nkhawa. Za cigubu cokwiriridwa pansi, za citupa, za apolisi ogogoda pa citseko usiku, mau amenewo sanachule kanthu. Pa mbale zambiri za ku America analembapo kuti ndi nyimbo ya ku South Africa, ndipo dzina la mwini wace linalembedwa mopotoka, lakuti Msarurgwa. Motero anthu miyandamiyanda anaiimba ndi mluzu m'miseu ya maiko akutali osadziwa kuti Zvimba ali kuti. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Nyimbo ikacoka m'manja mwa mwini wace, dzina lace likapanda kumangidwapo zolimba, mphepo imaulutsa zonse ziwiri.

Koma ulemu wina unamfika ali moyo. Mu November 1960 Louis Armstrong, pa ulendo wace wa m'maiko a mu Africa, anafika ku Southern Rhodesia, ndipo anakomana ndi Musarurwa maso ndi maso. Monga anasimbira mwana wace wamkazi, Armstrong anampatsa jekete, namuitana kuti adzaceze ku America. Ulendowo sunacitike, pakuti m'caka ca 1962 mkazi wa Musarurwa anamwalira, ndipo zonse zinaima. Iye mwini anamwalira m'caka ca 1968, naikidwa m'manda a makolo ace kwao ku Zvimba. Nyimbo yace inapitirirabe. Bill Haley ndi gulu lace anaijambula ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo m'caka ca 1978 Hugh Masekela wa ku South Africa anaijambula pamodzi ndi Herb Alpert wa ku America.

Tsopano tibwerere kwathu, tione m'mene nyimbo zotere zinafikira m'midzi ya ku Dedza, ku Ncheu, ku Chipata ndi ku Angonia. Nkhondo yaciwiri itatha m'caka ca 1945, ulimi wa fodya unakula kwambiri ku Mashonaland, ndipo anchito ambiri a m'mapulazi anali ocokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia. Ena anayenda pansi kudzera ku Tete, naoloka Zambezi, nalowera ku Mutoko. Ena anakwera malole a Ulere, ena analembedwa ndi Mthandizi, ndipo ena anapitirira ku migodi ya ku Joni ndi Wenela. Munthu wobwerako bwino anali kudziwika ndi zinthu zitatu: njinga, sutikesi, ndi galamafoni. Akafika pamudzi, usiku womwewo abale anali kusonkhana, osati kudzamva za ulendo zokha ai, komanso kudzamva mbale zatsopano za ku Halale.

Njira yina inali wailesi. M'caka ca 1949 kunabwera kawailesi kochipa ka batire kochedwa Saucepan Special, cifukwa thupi lace linali ngati sefuliya. Nyumba ya wailesi ya ku Lusaka, Central African Broadcasting Station, inali kuulutsa m'Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cishona ndi Cindebele, kufikira maiko onse atatu. Pa pologalamu ya Zimene Mwatifunsa, munthu wa pa pulazi ku Mazowe anali kutha kupereka moni kwa amai ace ku Lilongwe ndi kuwapemphera nyimbo. Alick Nkhata, amene anayamba wayenda ndi Hugh Tracey pa nchito yotenga mau, anali mmodzi wa aulutsi ndi oimba okondedwa a pa nyumba imeneyo. Motero nyimbo za m'matauni zinasanduka za tonse, zosafunsa citupa pa malire.

Anyamata a kumudzi amene analibe ndalama zogulira saksofoni sanagwe mphwayi. Anasema mabanjo a zikopa ndi zigubu, namanga bezi wa cingwe cimodzi, nakhoma ng'oma ndi tizitsulo, ndipo magulu ao anawacha dzina lakuti jazi bandi, dzina limene likali kumveka m'midzi ya ku Malawi. Daniel ndi Donald Kachamba, a m'mudzi wa Singano kufupi ndi Chileka, anakhala zaka zina za ubwana wao ku Halale, kumene anatola kayimbidwe ka kwela ndi citoliro cace. Atabwerera kwao anakomana ndi Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Austria, m'caka ca 1967, ndipo nyimbo zao zinamveka mpaka ku Ulaya. Njira imene anayenda makolo pofuna nchito ndi yomweyo imene nyimbo zinayenda pobwera kwathu.

Ana a m'makomboni a ku Mashonaland nawonso anabweza mangawa. Nicholas Zakaria, wa ku Mazowe, amene anatsogolera gulu la Khiama Boys, ndi Alick Macheso, wa ku Shamva, katswiri wa gitala ya bezi, onse anacokera m'mabanja a ku Malawi a m'mapulazi, ndipo onse anaimba nyimbo zina m'cilankhulo cathu. Macheso anabadwa m'caka ca 1968, caka comwe Musarurwa anatsikira kuli cete. Kayimbidwe kao ka sungura nkosiyana ndi tsaba-tsaba, pakuti nka magitala, koma bwalo lobvinira ndi lomwe lija la Loweruka madzulo. Kuyambira caka ca 2000, pamene mapulazi ambiri analandidwa ndi kugawidwa, mabanja ambiri a anchito anabalalika, ena osadziwa kolowera, pakuti kwao kwa makolo sanakuonepo. Malamulo akulu a dziko la Zimbabwe a caka ca 2013 anabvomereza kuti obadwira m'dzikomo kwa makolo a m'maiko oyandikana ndi nzika. Koma pa kubalalika kuja zinthu zambiri zinatayika, ndipo pakati pa izo panali masutikesi a mbale zakale.

Mwamwai, mau a Cold Storage Band sanatayike. M'caka ca 2006 Michael Baird, woimba ng'oma wobadwira ku Lusaka, anasonkhanitsa nyimbo zimene Hugh Tracey anatenga, naziturutsa pa cimbale cochedwa Bulawayo Jazz, pansi pa kampani yace ya SWP Records. Cimeneci ndico cimbale cimene Musarurwa ndi anzace sanakhale naco ali moyo. Mukacipeza, musacimve mothamanga. Ulendo woyamba tsatani mabanjo okha, muone kuti sagwedezeka. Ulendo waciwiri tsatani saksofoni, mumve m'mene icedwera dala pang'ono, kenaka nkuwapeza anzace pa mphambano. Ulendo wacitatu imirirani mubvine, pakuti nyimbozi sanaziimbire anthu okhala pa mpando.

Ndisanatsirize ndiri ndi mapempho atatu. Loyamba nla inu amene mukali ndi mbale za galamafoni m'nyumba. Musazipatse ana kuti aziseweretsa. Ziimikeni ciriri, musazisanjikize, zikhale kutali ndi dzuwa ndi moto, ndipo musazipukute ndi spiriti, cifukwa amasungunula mbale zotere; kansaru kofewa nkokwana. Laciwiri nla inu adzukulu. Khalani pansi ndi agogo anu akali moyo, muwafunse kuti anali kubvina nyimbo zanji, pa pulazi liti, woimba banjo anali yani, ndipo mulembe mainawo m'buku. Mau a akulu akoma akagonera, koma akulu akapita osafunsidwa, palibe cogonera.

Lacitatu nla inu anyamata ndi atsikana opeka nyimbo. Lembetsani nyimbo zanu ku mabungwe oteteza eni nyimbo: COSOMA ku Malawi, ZAMCOPS ku Zambia, ndi ZIMURA ku Zimbabwe. Onetsetsani kuti dzina lanu lalembedwa molondola, ndipo musasaine pepala limene simunalimvetse. Simudziwa kuti ndi nyimbo iti imene idzaoloka nyanja. Anyamata a ku Cold Storage, pomwe anali kukhwacha mabanjo ao ataweruka ku nchito, sanadziwe kuti Louis Armstrong adzaimba nyimbo yao.

Kapitao wathu uja anamwalira kale, ndipo galamafoni yace sindinaionenso cicokere pa pulazipo. Atate anga anagona ku Banket komweko, osaonanso phiri la Dedza. Koma ndikamva liu lalitali lija la saksofoni, ndimawaona onse ali pabwalo, malaya a nchito akali m'thupi, manja akuda ndi utomoni wa fodya, alikuseka. Ife tinabvina zaka zambiri osadziwa womthokoza. Inu tsopano mwalidziwa dzina lace, ndipo mukadzamva wina alikunena kuti nyimbo imeneyi ndi ya ku America kapena ya ku Joni, mudzamuuze mwaulemu kuti mwini wace ndi August Musarurwa, mwana wa ku Zvimba.